Mbiri ya wodwala ikamasamuka kompyuta

Amayi amene munapitako kapena kudikirirako matenda ku chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri timangoti ku Gulupu, mukukadziwa kapepala ka timizere takuda kamene amamata pa kabuku ka chipatala. Kalaliki amangokaunika ndi kachipangizo, dzina lanu n'kutulukira pa kompyuta. Kwa amene amalandira ma ARV pamatulukiranso tsiku limene anabwera komaliza, sikelo yawo ndi mtundu wa mankhwala amene akumwa.

Zonsezi sizikhala m'kapepalako. Timizere takudato timangosunga nambala yanu. Mbiri yeniyeni imakhala m'kompyuta ina yaikulu yotsekeredwa m'chipinda, mu pulogalamu imene akatswiri amaitcha database. Ife tingoti nkhokwe, popeza ntchito yake ndi yomweyo: kusunga, n'kutulutsa pamene zafunika.

Njira imeneyi inayamba mu 2001 ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kudzera mwa Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health. Mu 2006 anayika ku Gulupu pulogalamu yothandiza pa chithandizo cha ma ARV. Makompyuta awo oyamba anali timakina totchedwa I-Opener, tomwe ku America anali atasiya kupanga. Anatigula motsika mtengo, n'kutikonza kuti namwino azingodina ndi chala pagalasi, ndipo ankatiyendetsa ndi mabatire kuti magetsi akazima ntchito isaime. Mapulogalamu amene anasankha anali aulere komanso otseguka: Linux yoyendetsa makina, ndi MySQL ngati nkhokwe.

Koma makina amakalamba. Fumbi, kutentha ndi magetsi obwera mwamphamvu zimawapha. Akafa, chipatala chimagula ena, ndipo kawirikawiri atsopanowo safanana ndi akale. Munthu amene anayamba mankhwala mu 2006 mbiri yake iyenera kuti yadutsa m'makina angapo pofika lero. Pa kusamuka kulikonse pali mpata woti china chitayike kapena chisokonekere, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi kutseka mipata imeneyi.

Kuti timvetse bwino, tiganizire chigumu. Mayi akhoza kukulemberani kaphikidwe kake konse: ufa wochuluka chonchi, nthochi zingapo, soda pang'ono. Pepalalo simungadye, muyenera kuphika. Ndipo wophika pa mbaula, makala pansi ndi ena pa chivundikiro, sachita zofanana ndi wophika mu uvuni wamagetsi. Pepala likanena kuti "tembenuzani batani lifike pa 180", wa mbaula wasowa pogwira. Mapulogalamu nawonso amalembedwa kaye ngati malangizo amene munthu angawerenge. Kenako malangizowo "amaphikidwa", kusandutsidwa chinthu chimene makina angagwiritse ntchito. Kaphikidweko kamasiyana malinga ndi makina. Kompyuta ya Windows ili ndi machitidwe ake, ya Linux ake, ndipo kachipangizo kamene kamaganiza mkati mwa foni n'kosiyana ndi ka m'kompyuta zambiri za mu ofesi. Wolemba pulogalamu akaiwala zimenezi, n'kulemba ngati aliyense ali ndi khitchini yofanana ndi yake, pulogalamuyo imakana kuphikika kwina, kapena imaphikika koma n'kumachita zachilendo.

Kukana kuphikika ndi vuto laling'ono, chifukwa limaonekera pomwepo. Loopsa ndi lachiwirilo.

Chitsanzo choyamba ndi cha zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pa Windows, MySQL imaona dzina la kaundula lakuti "Odwala" ndi lakuti "odwala" ngati limodzi. Pa Linux awa ndi mayina awiri osiyana. Pulogalamu yomwe inkayenda bwinobwino pa makina ena ikhoza kufika pa ena n'kunena kuti kaundulayo kulibe, chonsecho alipo, mayina onse ali momwemo.

Chachiwiri chimatikhudza ife eni chinenero. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi ndi m'mayina ambiri a Chitumbuka, mulibe m'ndandanda wa zilembo wotchedwa latin1, umene unakonzedwera zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Kwa zaka zambiri MySQL inkayamba ndi ndandanda umenewu ngati woyiyika sanasinthe, mpaka mu 2018 pamene inasinthira ku wina wokwana zilembo za dziko lonse. Nkhokwe yakale ndi yatsopano zikamapatsirana mayina popanda wina kusamala, ŵ amatha kusanduka chizindikiro cha funso kapena tizilembo tosawerengeka. Dzina lasintha, ndipo wofufuza salipezanso.

Kankhodolero ka m'mayina ngati Ng'oma, Ng'ambi ndi Mang'anda nakonso kali ndi nkhani yake. M'chinenero cholamulira nkhokwe, kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti "mawu athera pano". Makina akhoza kuwerenga "Ng" n'kuima, otsalawo n'kuwayesa lamulo losamveka. Njira yowauzira kuti kameneka ndi mbali ya dzina ilipo, koma nkhokwe sizigwirizana zonse: MySQL imalola njira ziwiri, pamene nkhokwe ina yotchedwa SQLite imalola imodzi yokha mwa ziwirizo. SQLite imeneyi muli nayo m'thumba, chifukwa ili m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone. Ine ndimaona kuti apa sitiyenera kuchita manyazi kapena kuvomera kuti dzina lathu lilembedwe mopunduka pofuna kusangalatsa makina. A ku Ireland otchedwa O'Brien amakumana ndi vuto lomweli, ndipo pulogalamu yolembedwa bwino imalandira mayina onsewa.

Masiku ndiye amasokoneza kwambiri. Ife tikalemba 03/04 timatanthauza pa 3 Epulo, pamene wa ku America amawerenga kuti pa 4 Malichi. Tangoganizani tsiku lokatenga mankhwala kapena la katemera wa mwana litatembenuzidwa chonchi posamutsa. N'chifukwa chake nkhokwe zimasunga tsiku moyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Palinso nkhani ina yodabwitsa. Makina ambiri amawerenga nthawi powerengetsa masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Akale ali ndi malo ochepa olembamo nambala imeneyi, ndipo malowo adzadzaza pa 19 Januwale 2038. Mwana wobadwa mu 2025 adzakhala asanakwane zaka 14. Wokonza nkhokwe akasankha molakwika mtundu wa malo osungiramo tsiku, agogo obadwa mu 1955 sakwanamo, ndipo tsiku la pambuyo pa 2038 nalonso silikwanamo. Akatswiri a Linux anagwira gawo lalikulu la ntchito yokonza zimenezi m'makina akale cha m'ma 2020, zaka zambiri tsikulo lisanafike.

Nanga amakonza ndani? Apa m'pamene mawu akuti "otseguka" ali ndi tanthauzo. Pulogalamu yotseguka ndi imene malangizo ake, pepala la kaphikidwe lija, aliyense angawerenge, kusintha ndi kugawira ena mwalamulo. Katswiri wa ku Blantyre akaona kuti nkhokwe ikukana pa makina amene chipatala chagula, sayenera kudikira kampani ya kunja kuti imumvere chisoni. Akhoza kutsegula malangizowo, kupeza mzere wolakwika, n'kuukonza. Akatero amatumiza chigambacho kwa osamalira pulogalamuyo. Iwo amachiunika, n'kuchiyesa pa makina amitundumitundu, kuopa kuti pokonza za khitchini imodzi angawononge za ina. Chikavomerezedwa, aliyense padziko amapindula nacho. Nthawi zambiri chigambacho chimakhala cha mizere iwiri kapena itatu yokha, koma kuipeza mizereyo kumatha kudya sabata yathunthu.

Kutseguka kumatetezanso mwini pulogalamu akasintha. MySQL inayamba mu 1995, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake, Michael Widenius wa ku Finland, anaitcha dzina la mwana wake wamkazi, My. Mu 2008 kampani ya Sun inagula MySQL, ndipo mu 2010 Sun nayo inagulidwa ndi Oracle. Poopa kuti tsogolo la pulogalamuyo lingakhale m'manja mwa kampani imodzi, Widenius ndi anzake anatenga malangizo omwewo mu 2009 n'kuyamba nthambi ina, MariaDB, dzina la mwana wake wina, Maria. Lamulo linawalola chifukwa pepala la kaphikidwe linali la onse. Dziko ngati lathu, lomwe ntchito zambiri za umoyo zimadalira thandizo limene limabwera n'kutha, likufunika ufulu woterewu: wothandiza akachoka, nkhokwe isachoke naye.

Musamve molakwa, amayi. Chotseguka ndi kaphikidwe ka pulogalamu, osati mbiri yanu. Zimene dokotala walemba za inu ndi zachinsinsi, ndipo ziyenera kuonedwa ndi ogwira ntchito ololedwa okha.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwa phiri la Soche, mabanja anataya zonse, timabuku ta chipatala tomwe. Munthu wa ma ARV, wa shuga kapena wa BP akafika chimanjamanja chotere, chimene chingauze namwino mankhwala amene amamwa ndi zimene zinasungidwa kuchipatala, ndipo zimapezeka msanga ngati dzina ndi tsiku lobadwa zinalembedwa molondola. Zikapanda kupezeka, pamakhala chiyeso chomulembetsa ngati wodwala watsopano. Munthu mmodzi amakhala ndi nambala ziwiri, mbiri yake n'kugawika pakati. Pa nambala yakale amaoneka ngati anathawa mankhwala, pa yatsopano ngati wangoyamba kumene.

Mbali imeneyi tingathandizepo ngakhale sitinagwirepo kompyuta. Akakumatirani kapepala, kawerengeni musanachoke pawindo, ndipo ngati dzina kapena chaka chobadwa chalakwika, nenani pomwepo mwaulemu. Gwiritsani ntchito kalembedwe kamodzi ka dzina kulikonse, makamaka kofanana ndi ka pa chiphaso cha unzika. Ngati munasintha dzina pokwatiwa, uzani kalaliki mayina onse awiri. Kabuku kakatayika kapena kudzaza, nenani kuti munalembetsapo kale, afufuze nambala yakale asanakupatseni ina. Mukasamuka, mwachitsanzo kuchoka ku Ndirande kupita ku Bangwe kapena ku Lunzu, pemphani kalata yosamukira, chifukwa si nthawi zonse pamene nkhokwe ya chipatala china imaona zimene zili m'nkhokwe ya chinzake.

Ndipo mukamayendera odwala ndi okalamba m'mudzi, apempheni ngati angalole kuti nambala ya pa kabuku kawo ikoperedwe papepala lina, kapena ijambulidwe pa foni ya mwana wawo amene amamukhulupirira. Kabukuko kazikhala m'jumbo, pamalo okwera pomwe madzi sangafike.