Kodi bonongwe analakwa chiyani?

Tsiku la msika pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi, tayang'anani zimene anthu anyamula pobwerera kwawo. Ana ali ndi timapaketi ta kamba ndi mafilizesi ofiira ndi achikasu. Bambo wagulitsa soya kwa mavenda m'mawa, madzulo akukwera njinga ndi paketi ya soya pieces yopangidwa ku fakitale kuchokera ku mbewu yonga yake yomweyo, pamtengo umene iye sanaulandire pa sikelo. Bonongwe amene wamera yekha kuseri kwa khola palibe akumuyang'ana, ndipo mawa adzamulambula ndi khasu ngati udzu.

Mwina inunso munapepesapo kwa mlendo kuti, "Mutikhululukire, lero ndiwo ndi zamasamba." Mwana wotenga mbatata yootcha kapena chikondamoyo kusukulu amadyera kuseri, kuopa kuti anzake amunena wachimidzi. Manyazi amenewa akuchokera m'mafilimu a m'nyumba za vidiyo, m'mafoni, pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa M1, ndi kwa abale obwera kuchokera ku Johannesburg ndi zizolowezi zatsopano. Onsewa akutiuza chimodzi, kuti munthu wotsogola amadya zam'paketi ndi kumwa zam'botolo.

Musaganize kuti chilichonse chochokera kunja nchoipa. Chimanga chimene timati ndiye moyo wathu chinachokera ku America, ndipo chinafika kuno kudzera mwa amalonda a kugombe la nyanja yamchere. Chinangwa, mbatata, mtedza, tomato ndi tsabola nazo zinachokera komweko. Zisanafike, makolo ankadalira mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Analandira zachilendozo nazisandutsa zawo, mpaka lero palibe angakuuzeni kuti nkhwani wotendera ndi nsinjiro si chakudya cha Achewa. Koma zonsezo zinabwera ngati mbewu. Munthu ankapempha kamodzi, kubzala, kusunga, kugawira mwana wake wamkazi akamayamba munda wake. Zobwera masiku ano zimafuna ndalama tsiku lililonse, ndipo paketi ikatha simungaibzale.

Ngakhale mbewu yeniyeniyo yalowa m'paketi. Chimanga cha haibulidi chimabereka kwambiri chikapatsidwa feteleza, ndipo chathandiza mabanja ambiri a minda yaing'ono. Akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH18 m'chaka cha 1990, ndipo sabuside ya zipangizo zaulimi imene inayamba mu 2005 inafikitsa mbewu zotere m'midzi yambiri. Komabe haibulidi imafuna kugula mbewu yatsopano chaka ndi chaka. Chimanga cha makolo, cholimba chija, amayi ankachikonda chifukwa sichiphwanyika pokonola ndipo chimapirirako anankafumbwe m'nkhokwe. Ngala zabwino ankazipachika m'khitchini kuti utsi uziteteze mpaka mvula yoyamba. Werengani nyumba zimene zikuchitabe zimenezi m'mudzi mwanu. Werenganinso minda ya mawere ndi mapira, poti malo ambiri anatengedwa ndi chimanga, fodya ndi soya wogulitsa. Lero pa ukwati kapena pa ziliza, ambiri chimera cha thobwa amachita kugula, ena amangoti bola makireti a zakumwa.

Thupi ndi limene likulipira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Maboma athu awiriwa amalima mtedza, soya ndi nyemba zochuluka, koma zikathera pa sikelo ya venda, mwana amatsala ndi phala la ufa woyera lothira shuga. Ufa woyera umakoma, inde, koma pokonola ndi poviika zambiri zomanga thupi zimapita ndi madeya, ndipo nkhumba ndi imene imapindula. Mgaiwa, umene ena amautcha chakudya cha kusukulu yogonera ndi kundende, umasunga zonsezo.

Akuluakulu nawo ali ndi mavuto awo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 anasonyeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga. Ambiri sankadziwa n'komwe. Botolo limodzi la 300 ml la chakumwa chozizilitsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi 7 kapena 8, pamene WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole pafupifupi 12 tsiku lonse, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Zokometsera ndiwo zam'paketi nazo zimakhala ndi mchere wambiri. Mukapita ku Madisi, ku Mtengowanthenga kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi nanu, pemphani akuyezeni BP ngakhale simukumva kudwala.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tayesani kuwadzaza ndi zimene agogo anu ankadya. Nsima ya mgaiwa kapena ya mapira. Nzama ndi khobwe. Ngumbi, mphalabungu, mbewa ndi mazira. Chisoso, luni, chitambe, khwanya, kholowa. Masuku ndi mapoza. Nsinjiro ndi nthanga za maungu. Magulu onse akwana osapita kugolosale. Sizikutanthauza kuti zonse zakale zinali zolondola. Kuletsa mayi woyembekezera mazira kunalibe phindu, chidulo kapena soda wothira m'therere amawononga mavitamini ena, ndipo mchere wa ayodini umene tinaulandira posachedwapa wachepetsa chithokomiro. Zimenezo tiyamike.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi nzeru zimene zikupita limodzi ndi mbale yakale. Mtsikana amene sanatsatepo agogo ake kukathyola ndiwo sadziwa kusiyanitsa luni ndi udzu wamba. M'nkhalango za mombo ndi masuku zozungulira phiri la Ntchisi mumamera bowa wamitundu yambiri nthawi ya dzinja, wina wodyedwa, wina wakupha, ndipo kusiyana kwake sikunalembedwe pa paketi iliyonse. Kuli m'mutu mwa amayi achikulire. Mitengoyo ikamathera ku makala, bowa ndi mphalabungu zimatha nayo, mayina ake n'kuiwalika. Timanyadira kuti UNESCO inavomereza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo nzoona, ku Dowa gule ndi kwawo. Koma Uchewa sukhala kubwalo kokha. Uli ndi mu mtondo, mu lichero, ndi mu chikwatu cha mfutso chopachikidwa kudenga.

Mfutso umenewu ndi poyambira pabwino, chifukwa sufuna ndalama. Mvula ikamapita kumapeto, mu Malichi ndi Epulo, nkhwani, khwanya ndi chitambe zimachuluka mpaka kuwolera m'munda, koma pofika Okutobala banja likusowa ndiwo. Thyolani masamba anthete, muwafutse pang'ono chabe m'madzi owira, muwayanike pamphasa yoyera pamthunzi podutsa mphepo, poti dzuwa lamphamvu limapha mavitamini, kenaka musunge pouma. Pa msonkhano wa mphakati kapena wa care group, itanani mayi wachikulire adzakuonetseni kumanga chikwatu ndi masamba a msuku, ana aakazi ndi aamuna omwe ali pomwepo. Mumufunsenso ngati akadali ndi mbewu ya mawere, ya nzama kapena ya luni, ndipo mugawane pang'onopang'ono mvula ya chaka chino isanagwe.