Fumbi la ku Joni ndi kalata ya dokotala

Ntchito yanga ndi youna matenda amene munthu amawatenga ku ntchito. Ambiri amaganiza kuti dokotala ngati ine amangodinda mapepala a chipukuta misozi, koma ndisanagwire cholembera ndimayenera kuyankha mafunso atatu. Munthuyu akudwala chiyani kwenikweni? Anakumana ndi chiyani kumene ankagwira ntchito? Nanga chimene anakumana nachocho chingabweretse matenda amenewa patapita zaka zonsezi? Milandu yambiri imagwera pa funso lachitatuli.

Mlandu wovuta kuposa yonse pa ntchito yathu ndi wa asilikali opuma a ku America amene adwala matenda a ubongo otchedwa Creutzfeldt-Jakob. Matendawa sayamba ndi kachilombo ngati malungo kapena TB. Amayamba ndi puloteni ya m'thupi momwemo yomwe yapindika molakwika, yotchedwa prion, imene imapinditsa inzake mpaka ubongo kuchita timabowo. Munthu amayamba kuiwala, kudzandira, kugwedezeka manja, ndipo ambiri satha chaka. Mankhwala ake kulibe. Mu 1996 ku Britain kunapezeka mtundu wina wa matendawa wochokera ku nyama ya ng'ombe zodwala misala, ndipo asilikali a America amene anali ku Ulaya pakati pa 1980 ndi 1996 ankadyako nyama yochokera ku Britain komweko, moti kwa zaka zambiri analetsedwa kupereka magazi. Msilikali wotere akamwalira ndi matendawa, mayi wa kunyumba ali ndi chifukwa chofunsira ngati si usilikali wamupha mwamuna wake. Vuto ndi lakuti mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 matendawa amangowayamba okha popanda chifukwa chodziwika, kaya ndi msilikali kaya ndi mlimi. Matenda a mtunduwu amathanso kubisala m'thupi nthawi yaitali zedi: kuru, wa ku Papua New Guinea, anaonekera mwa anthu ena patadutsa zaka zoposa 50. Chitsimikizo chenicheni chimapezeka poyeza ubongo munthu atamwalira kale. Pamenepa dokotala woona mtima amasowa pogwira.

Kwathu kuno ku Mzimba mlandu waukulu ndi wa mapapo, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti uwu ndi wotheka kuutsimikiza, koma anthu akupita kumanda usanayambike n'komwe.

Kuyambira pa boma kutsikira ku Manyamula, Embangweni, Edingeni, Jenda mpaka ku Luwerezi, n'kovuta kupeza mudzi wopanda munthu amene anapita ku migodi ya golide ku Joni kudzera ku Wenela kapena Theba. Ulendowu unaimitsidwa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, unayambiranso mu 1977, ndipo unatsekedwa mu 1988. Amene anabwerako komaliza lero ndi agogo. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi malata, komanso fumbi m'chifuwa.

Golide wa ku Joni amakhala mu mwala wolimba kwambiri wokhala ndi silika. Pouboola ndi kuuphulitsa pamatuluka fumbi losalala loti maso saliona, lomwe limalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Thupi limalephera kulitulutsa, ndiye limangolizinga ndi zipsera. Zipserazo zimapitirira kukula ngakhale munthu atasiya mgodi kalekale, ndipo mapapo amauma ngati chikopa chosafufuta. Awa ndiwo matenda a silikosisi. Amatha kuonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo, sachizika, ndiponso amachititsa kuti TB imugwire munthu mosavuta.

Nthawi zambiri wodwala wotere amafika ndi buku la kuchipatala lothaitha, losonyeza kuti wamwapo mankhwala a TB kangapo, nthawi zina makhololo asanaonetse kachilombo. Amadandaula kuti akakwera kamtunda kochokera kudimba amaima kawiri katatu kuti apeze mpweya. Ndikafunsa kuti, "Adada, mumagwira ntchito yanji?" yankho limakhala lakuti ndi mlimi, ndipo sakunama. Ndikafunsa kuti, "Nanga ku Joni munapitako?" m'pamene nkhani imatseguka: dzina la mgodi, chaka chimene anakwera, kuti ankagwira makina oboolera mwala kapena ankafosholo miyala pansi, ndi mmene malovu ankatulukira otuwa akaweruka. Zimenezi kwa ine ndi umboni wofanana ndi chithunzi cha pachifuwa. Pa chithunzicho silikosisi imaoneka ngati timadontho toyera tambirimbiri, makamaka kumtunda kwa mapapo, ndipo timafanana kwambiri ndi mtundu wina wa TB. Wowerenga chithunzi akapanda kuuzidwa za mgodi amalemba TB basi. Pambuyo pake timamuuza wodwala kuti auzire mpweya mwamphamvu m'kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo, chifukwa kukula kwa chipukuta misozi kumatsatira kukula kwa kuwonongekako.

Anzanga a m'zipatala zing'onozing'ono, funso la ku Jonili silitenga mphindi imodzi. Mukalifunsa, lembani yankho lake m'buku la wodwala, dzina la mgodi ndi zaka zake. Mzere umodzi umenewo ungadzathandize banja lonse.

Njira ya lamulo ilipo. Mu 2011 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti wogwira ntchito mu mgodi angathe kusumira kampani chifukwa cha matenda a mapapo. Mwini mlanduwo, Thembekile Mankayi, anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulo chituluke. Zotsatira zake, makampani 6, omwe ndi African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust. Limalipira amene anadwala silikosisi kapena TB chifukwa chogwira ntchito ya m'fumbi m'migodi ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, posayang'ana dziko limene munthu akuchokera. Pa mgwirizano woyambawo, silikosisi yongoyamba inali R70,000, ndipo yoopsa kwambiri inkafika R500,000. Pa TB lamulo ndi lothina: iyenera kukhala yoti inamugwira munthu ali ku mgodi kapena chaka chisanathe atachokako. N'chifukwa chake kusiyanitsa TB ndi silikosisi si nkhani ya madokotala okha.

Kalata yanga payokha siikwanira. Pamafunika umboni woti munthu anagwiradi ntchito ku mgodi wakutiwakuti, choncho nambala ya ku mgodi, khadi la Theba, pasipoti yakale, ngakhale kapepala ka malipiro kodyedwa ndi chiswe, zonsezi musazitaye. Kulembetsa ku Tshiamiso n'kwaulere, ndipo aliyense woyenda m'midzi kutolera ndalama kuti akufulumizitsireni zinthu akukuberani.

Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi amayi amasiye. Nawonso ali ndi ufulu wolandira, koma zimatengera zimene zinalembedwa za matenda ndi imfa ya amuna awo. Ku South Africa lamulo limalola kuti mapapo a munthu wa ku mgodi ayezedwe akamwalira, pamene kwathu munthu amamwalirira kunyumba n'kuikidwa mawa lake popanda pepala lililonse. Choncho bambo amene anapita ku Joni ajambulidwe pachifuwa akadali moyo, buku lake lisungidwe bwino, ndipo akatisiya achibale akatenge chikalata cha imfa. Nthawi yolembetsa ku Tshiamiso ikutha kumapeto kwa 2029.