Ndinadya zitenje zitatu kuti ndione nyanja ya mchere

Inu anzanga a geni a ku Lilongwe, Limbe, Mzuzu ndi kwathu kuno ku Dedza, amene mumapita ku Dar es Salaam kukapikula katundu, ndikufunseni: kodi nyanja ija munaiona? Alamu anga apitako maulendo oposa khumi, koma nditawafunsa anangoti, "Alamu, nyanja ndi ya azungu, ife timapitira ndalama." Chomwe amadziwa ndi depoti, resitihausi ndi Kariakoo basi.

Ine ndine mayi wogulitsa zitenje pamsika wa pa boma la Dedza. Kale ndinkagulitsa mbatatesi ya ku Bembeke. Ulendo wanga woyamba wa ku Dar unali mu Januwale 2024, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo theka la mpamba linali la banki mkhonde, lobweza ndi chiwongoladzanja. Ndiye mumvetse kuti sindinapite kukasewera ayi.

Tinanyamuka chifunga chitakwirira phiri la Dedza, ine nditavala majuzi awiri. Lilongwe, Kasungu, Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pa Songwe. Mukaoloka mlatho kufika pa Kasumulu, wotchi muikankhire kutsogolo ndi ola limodzi. Ku Tukuyu kuli ngati kwathu, kozizira ndi kobiriwira, kungoti kwadzaza nthochi ndi tiyi. Kupitirira Iringa kuli chitsetse cha Kitonga, pomwe amayi ena m'basimo anayamba kupemphera mokweza. Mukatsika pamenepo, kudzanja lamanja mumaona mapiri a Udzungwa, omwe anakhala paki yotetezedwa mu 1992. Kuseri kwake kuli nkhalango yowirira yamvula yambiri, ndipo muli anyani a mitundu yosapezeka kwina kulikonse padziko. Pa Mikumi msewu umadutsa pakati penipeni pa nkhalango ya nyama, mbidzi ndi nyamalikiti mukuziona pawindo ulele.

Tinatsikira pa depoti ya Magufuli ku Mbezi kutada kale. Abale, kutentha! Kwa ku Salima n'kwamasewera. Mpweya wa ku Dar ndi wonyowa, thukuta siliuma, ndipo ukangotuluka m'bafa umafunanso kusamba. Majuzi aja ndinawapinda, anakhala pilo.

Za Kariakoo sindichulutsa, mukuzidziwa kuposa ine: zitenje zounjikana mpaka kudenga, anyamata angolo okuwa, ndi mawu awiri aja, "bei gani" ndi "punguza". Koma mwina simudziwa kuti dzinalo linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Amenewa ndi amtengatenga aja, ndipo ku Nyasaland kunachokera zikwizikwi. Lero adzukulu awofe tikusenzabe mitolo pamsika wa dzina lawolo, kusiyana kwake ife timalipira tokha.

Tsono tsoka linabwera tsiku lachitatu. Alamu ananditumiza kwa anthu onyamula katundu kukafunsa nthawi yomwe lole inyamuke. Mnyamata wake anati mawa "saa nne". Ine n'kuti nne ndi zinayi, basi 4 koloko madzulo. Titafika ndi mabelo athu tinapeza lole inapita kalekale. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: saa moja ndi 7 koloko m'mawa, saa nne ndi 10 koloko. Inu opita koyamba, muzionjezera 6.

Lole ina inali ya mkuja. Masiku awiri olipira chipinda ndi chakudya popanda chochita. Alamu anandiyankhula mawu omwe sindingawalembe m'nyuzi muno, kenaka anagona moyang'ana kukhoma pansi pa fani.

Ine m'mawa mwake ndinalawirira ndekha ku Kivukoni, kumsika wa nsomba. Kumeneko ndiye ndinaiona. Zombo zazitali kuposa nyumba zosanjikizana za ku City Centre zikulowa padoko mwakachetechete, makontena ataunjikidwa ngati njerwa. Mafuta ambiri amene timafolera pamafilingi siteshoni kuno amadzera pakamwa pomwepo. Njira imeneyi Malawi anaigwira mwamphamvu m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo mpomwe panabadwira Malawi Cargo Centre ku Dar ndi ku Mbeya. Ndinatunga madziwo m'manja n'kulawa. Mchere weniweni, woti ukhoza kuthira m'ndiwo.

Mayi wina wokazinga nsomba ataona ndikulavula anaseka, natiuza ndi manja ndi Chiswahili chosakaniza kuti ngati ndikufuna kuona nyanja yeniyeni ndipite ku Bongoyo. Ndi kachilumba kopanda midzi, kotetezedwa pamodzi ndi kanzake ka Mbudya kuyambira 1975, ndipo boti lake limakwerera ku Slipway, ku Msasani. Nditaphatikiza bajaji, boti, ndalama yolowera (alendo timalipira yokwerako) ndi kubwereka galasi loonera pansi pa madzi, zinakwana mtengo wa zitenje zitatu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, nkhope za amayi a banki mkhonde zikubwera imodziimodzi. Ndinalipira.

Kusambira sindidziwa. Ife a kumapiri nyanja timaionera patali tikamatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Mnyamata wobwereketsa magalasi anandiveka jekete loyandamitsa, nati, "Mama, gwirani chingwe ichi, ikani nkhope m'madzi." Ndinaika.

Anzanga, pansi paja pali dimba. Zina ngati kabichi, zina ngati nyanga za gwape, zina ngati bongo wa ng'ombe, zina zotambalala ngati lichero. Pakati pake tinsomba tachikasu, tabuluu, tamizeremizere, tofanana ndi mbuna za ku Cape Maclear koma mitundu yake yosawerengeka. Aswahili amati matumbawe. Ukawaona umayesa miyala, koma ndi zamoyo: tizilombo ting'onoting'ono timene timadzimangira tinyumba ta laimu, ana pamwamba pa makolo awo, mpaka kukhala khoma la m'nyanja. Mitundu ina imakula sentimita imodzi yokha pachaka, ndiye chimwala chofika m'chiuno mwanga chinali chachikulu kuposa agogo anga. Khoma limeneli ndi lomwe limaswa mafunde asanafike kumtunda, ndiponso ndimo mobisala ndi moswanirana nsomba zambiri zomwe ndinaziona pa Kivukoni. Nyumba zakale za ku Zanzibar, Bagamoyo ndi Kilwa anamangira miyala yomweyi.

Kenaka mnyamata uja anandikokera mbali ina. Kumeneko kunali mbuu, zidutswa zokhazokha ngati nyumba yogumuka, nsomba imodziimodzi. Anachita ndi manja: phuu! Kwa zaka zambiri asodzi ena a m'mbali mwa nyanjayi ankaponya mabomba m'madzi, nsomba n'kuyandama zakufa, iwo n'kutola. Phindu la tsiku limodzi, matumbawe a zaka makumimakumi n'kusanduka zibuma. Boma linalimbana nawo kwambiri cha m'ma 2017 ndipo mchitidwewu unachepa. Mdani wina ndi kutentha kwa madzi: mu 1998 nyanja ya Indian Ocean inafunda kwambiri, matumbawe ochuluka anayera mbee n'kufa.

Sindinafune womasulira. Ndinakumbukira phiri lathu la Dedza momwe linalili ndi mitengo ya paini ndili mtsikana, ndi mmene likuonekera lero mbali zina. Nawo a ku Dar ali ndi yawo nkhalango yakalekale ku Pugu, kunja kwa mzinda kupitirira bwalo la ndege, ndipo nayo yavutika ndi makala, poti mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni umafuna kuphika tsiku ndi tsiku. Ine ndemwe ndimaphikira makala, ndiye sindiloza munthu chala.

Pobwerera ndinaonanso chodabwitsa china. Pomwe m'mawa panali madzi, masana panali mchenga wautali. Nyanja iyi imathawa ndi kubwerera kawiri patsiku chifukwa cha mwezi. Mukasiya sapato m'mphepete ngati pa Senga Bay, mukazipeza zikupita ku India.

Ngongole ndinabweza, koma mochedwa ndi sabata imodzi, ndipo chindapusa ndinalipira. Alamu analengeza msika wonse kuti ndinadya mpamba pokaonera nsomba zosadyeka. Koma tsiku lina kukugwa mvula yamawawa, makasitomala kulibe, anasendera pabenchi langa n'kupempha foni kuti aone zithunzi. Anazibwereza katatu. Kenaka motsitsa mawu anati, "Alamu, boti limeneli limanyamuka nthawi yanji?"

Ndinati akafunse okha ku Slipway, koma akamva "saa nne" asakafike madzulo.