Pikiapu yakale imadzuka, bola muyambire kunsi

M'makomo ambiri, kaya ku Chilomoni, ku Kawale kapena ku Chibavi, kuseri kwa nyumba kuli pikiapu yomwe yakhala pa njerwa kwa zaka. Nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala, ana amasewerera kumbuyo, ndipo ogula zitsulo zakutha akadutsa ndi sikelo yawo amangoimezera malovu. Mukafunsa eni ake, yankho limakhala limodzi: inali ya madala, tidzaikonza.

Tsegulani TikTok kapena YouTube, mupeza kuti galimoto yomweyo kwina ndi chuma. Ku Australia, ku South Africa ndi ku America kuli anthu omwe Loweruka lililonse amathera m'galaja, kumasula Toyota Hilux, Land Cruiser kapena Land Rover yakale mpaka bawuti yomaliza, n'kuimanganso. Sikuti alibe galimoto ina ayi, amangozikonda basi. Ku America lamulo limalola kulowetsa galimoto yosakwaniritsa malamulo akumeneko pokhapokha ikakwanitsa zaka 25, choncho ma Hilux a dizilo a m'ma 1990, omwe sankagulitsidwa kumeneko, tsopano akuitanitsidwa kuchokera kunja.

Achinyamata kuno nawo ayamba kutengeka, ndipo palibe cholakwika. Vuto ndi lakuti kavidiyo ka masekondi 30 kamangoonetsa mapeto: matayala akuluakulu, penti wonyezimira, magetsi padenga. Miyezi yomwe munthu anathera chagada kunsi kwa galimoto, dzimbiri likumugwera m'maso, sajambula. Ndiye mnyamata akapeza kangachepe amathamangira marimu ndi mabufa, kusiya mabuleki akudontha. Apo ndiye pamathera ndalama, ndipo nthawi zina pamathera moyo.

Zakalezi zili ndi chiyani?

Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo yokoka mawilo onse anayi inatuluka mu 1979. Yomwe okonda masewerawa amaisakasaka kwambiri ndi ya pakati pa 1988 ndi 1997, makamaka LN106 ya injini ya dizilo ya 3L, ya malita 2.8. Kutsogolo kwake kuli ekiselo yachitsulo chimodzi yokhala pa masipuling'i osanja, ngati a lole. Imagwedeza mpaka msana kudandaula, koma zinthu zoti n'kuthyoka n'zochepa. Mkulu wake ndi Land Cruiser 70, yomwe inayamba mu 1984 ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Injini yake yotchuka ya 1HZ, ya malita 4.2, inabwera mu 1990, ndipo ndi yomwe yakoka maambulansi ambiri m'misewu ya fumbi ya dziko lino.

Chinsinsi cha mainjini amenewa n'chakuti mulibe kompyuta. Pampu ya dizilo imayendetsedwa ndi injini yomweyo, ndipo imangofuna waya mmodzi wotsegulira mafuta. Ikavuta muli pakati pa Rumphi ndi Nyika, munthu wa masipanala ndi khutu labwino akhoza kuipeza vuto. Yerekezani ndi D-4D ya masiku ano: ikayatsa kagetsi pa dashibodi, mufunika makina oiwerengera, ndipo dizilo wosakanikirana ndi madzi akhoza kupha ma injector a ndalama zochititsa chizungulire.

Mbiri ya kulimba kwa Hilux inafika pachimake mu 2003, pomwe pulogalamu ya Top Gear ya BBC inatenga ya dizilo ya 1988 n'kuyesa kuipha. Anaiwombetsa mumtengo, anaisiya kuti imizidwe ndi nyanja, anaiyatsa moto, kenako anaiika pamwamba pa nyumba yosanja yomwe inagwetsedwa ndi mabomba. Makaniko atagwiragwira ndi zipangizo wamba, osasintha sipeya ngakhale imodzi, inalira ndipo inayenda. Aliyense amakumbukira pamenepo. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti chesisi yake inali itathyoka. Injini kulira si umboni woti galimoto ili moyo.

Pogula, gonani pansi

Ogulitsa onse anaphunzira sukulu imodzi: "Injini ili bhobho, yangotsala batire." Musakangane nawo. Valani zovala zakutha, tengani tochi ndi kahamala, mulowe kunsi.

Gogodani chesisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pomwe pamangiriridwa masipuling'i, chifukwa ndi pomwe matope amabisala n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwe, chowola chimangoti phu. Mukaona powotcherera pomwe papakidwa penti wakuda watsopano, funsani chinachitika n'chiyani. Land Rover ndiye imapusitsa kwambiri: bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, koma chesisi ndi yachitsulo. Pamwamba imaoneka mtsikana, kunsi agogo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Muli kunsi komweko, pezani nambala ya chesisi muifananize ndi ya mu blue book, chimodzimodzinso ya injini. Nambala ikaoneka yopalidwa kapena yodindidwanso, tsanzikani, ngakhale mtengo ukhale wokoma bwanji. Mukhoza kuikonza zaka ziwiri, apolisi n'kudzaitenga tsiku limodzi.

Injini muilize mmawa isanatenthe, chifukwa yotentha kale imabisa matenda. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosatha ngakhale yatentha ukhoza kutanthauza kuti madzi akulowa m'masilinda. Tsegulani chivundikiro cha ladiyeta injini ili yozizira, muilize, muone ngati madzi akuchita thovu. Akatero, gasiketi kapena hedi ili pamavuto. Pomaliza pitani nayo pa fumbi, mutseke ma hub akutsogolo, muyese 4H ndi 4L. Mapikiapu ambiri olembedwa 4x4 m'mbali anachotsedwa shafti yakutsogolo kalekale, akungokoka ndi mawilo awiri.

Ndalama yoyamba ipite kuti?

Okonza enieni amatsata ndondomeko yomwe siikoma pa kamera. Choyamba galimoto iziima, kenako izikhota, kenako iziyenda, ndipo kukongola kumabwera kumapeto.

Kuima ndi mabuleki: mapaipi, masilinda, mapadi, ndi mafuta ake omwe amayamwa chinyezi akakhalitsa. Kukhota ndi chiwongolero: ma tie rod, mabushi, maberingi a mawilo, komanso masilo a ekiselo yakutsogolo, omwe akatha mumaona girizi wosakanikirana ndi oyilo akuyenderera kuseri kwa wilo. Kuyenda kumayambira pa madzi. Mainjini a banja la L amapirira zambiri koma osati kutentha, ndipo kuwira kamodzi kokha kukhoza kung'alula hedi. Ladiyeta itsukidwe, mapaipi ofewa asinthidwe, ndipo thermostat ibwerere pamalo pake. Chizolowezi choichotsa poti kuno n'kotentha chimangochititsa injini kuyenda yozizira n'kumatha msanga.

Musaiwale timing belt. Pa 3L ndi 1HZ imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ikaduka injini ikuyenda, mapistoni amakumana ndi mavavu. Ngati mwini wakale sakukumbukira tsiku lomwe anaisintha, yankho mwalipeza kale. Sinthani.

Zonsezi zikatha, galimoto imaonekabe chiphakasa, ndipo anzanu amafunsa kuti ndalama zija zapita kuti. Asiyeni aseke.

Tsopano zotchenetsa

Kusintha galimoto kuti ikhale yanuyanu ndiye kukoma kwa masewerawa, koma chilichonse chomwe mwawonjezera chimabwera ndi ngongole yake.

Matayala akuluakulu amakweza difu kuti isagunde miyala, zoona. Koma mukachoka pa tayala la mainchesi 29 kupita pa 33, sipidomita ikamati 80 ndiye kuti mukuthamanga 91, ndipo wapolisi wa kamera sadzamva za mainchesi. Mabuleki amavutika kuimitsa wilo lolemera, mafuta amapita ambiri, ndipo 3L, yomwe mphamvu zake ndi pafupifupi 90 horsepower basi, imayamba kupempha giya yachiwiri pa mtunda womwe kale inkakwera ndi yachitatu.

Kukweza galimoto nakonso kuli ndi malire. Ikatalika, kulemera kwake kumakwera m'mwamba, ndipo pa kona imafuna kugona. Kukweza pang'ono ndi masipuling'i komanso mashoko opangidwira ntchitoyo n'kwabwino. Koma kuika zidutswa zachitsulo pa ekiselo yakutsogolo, kapena kudula n'kuwotcherera zitsulo za chiwongolero kuti zitalike, kumeneko n'kudzikumbira manda. Zikathyoka sizichenjeza.

Snorkel, chipaipi chokwera m'mbali mwa galasi chija, imathandiza injini kupuma mpweya wa pamwamba wopanda fumbi lambiri. Koma siisandutsa galimoto kukhala bwato. Madzi amalowabe m'madifu ndi m'giyabokosi, ndipo mtsinje wosefukira sufunsa kuti muli ndi snorkel kapena ayi. Magetsi owala kwambiri aja ndi a kutchire. Pa M1 amachititsa khungu mnzanu yemwe akubwera kutsogolo, ndipo akasokonezeka amadzagunda inu nomwe. Kuika turbo pa injini yomwe inabadwa yopanda turbo kumawonjezera mphamvu, komanso kumawonjezera kutentha kuja komwe hedi imadana nako.

Chinanso chomwe ongoyamba kumene sadziwa: 4x4 ya magalimoto amenewa si yoyendera pa phula. Mukaitchera, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa kuti azizungulira mofanana, pomwe pokhota amafunika kuyenda mitunda yosiyana. Pa matope tayala limaterera n'kupepuza. Pa phula siliterera, ndiye mphamvu yonseyo imathera m'magiya.

Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, pitani ku Road Traffic akasinthe mapepala, ndipo a inshuwalansi muwauze. COF ikhale yoyezetsa zenizeni, osati yodutsira kuseri. Pepala siliimitsa galimoto pa mtsetse.

Kuno si ku Australia

Mnzathu wa pa YouTube amaitanitsa sipeya pa foni, mawa yafika pakhomo. Ife kuno, ndi kusowa kwa ndalama zakunja komanso kwacha yomwe inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse ndi nkhani yokambirana pabanja. Choncho gulani galimoto yomwe abale ake ndi ambiri pamsewu. Za Hilux mukhoza kuzipeza ku Biwi kapena ku Ndirande tsiku lomwelo, pomwe za galimoto yosowa mudzadikira miyezi. Chitseko, bampa ndi mipando, zakale zilibe vuto. Koma timing belt, maberingi ndi za mabuleki gulani zatsopano, ndipo chenjerani ndi zabodza zoikidwa m'katoni yokongola.

Komabe tili ndi china chomwe anzathuwo alibe. Amakaniko omwe anakulira pa mainjini amenewa akadalipo, ndipo ambiri amasangalala wachinyamata, mnyamata kaya mtsikana, akabwera ndi mafunso m'malo mongosiya makiyi. Khalani nawo pansi, agwirireni tochi, mufunse chifukwa chomwe akumangira mabawuti a hedi motsatana chonchi osati chonchija. Safunsa anadya phula. Buku la kakonzedwe ka galimoto yanu muliike mu foni momwe mukuonera mavidiyomo. Ndipo polowa kunsi, galimoto isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa, zomwe zimaphwanyika mosachenjeza. Ikani zochirikiza zachitsulo, mawilo muwatsekere ndi miyala.

Luso lomwe mungatole pa galimoto imodzi silithera pomwepo. Yemwe wamasula ekiselo n'kuimanganso ndi manja ake sangaberedwenso pa galaja, ndipo mawa anthu ayamba kumubweretsera zawo. Pikiapuyo nayo ikadzuka siikhala yojambulitsa yokha: inyamula chimanga, njerwa, ngakhale wodwala usiku wa mvula.

Mayeso ake enieni si ma like. Ndi tsiku lomwe mudzatsike nayo msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia kupita pa Chitimba, kona pambuyo pa kona, phompho lili pambali, abale anu ali kumbuyo. Tsiku limenelo palibe adzafunse za marimu.