Za Masewera a Nthano ndi Madaisi

Ena mwa inu amene muli ndi ana ku masukulu akutali mwamvako za masewera ochedwa Dungeons & Dragons, ndipo mitima yanu siinakhale pansi, pakuti mwamva kuti m'menemo muli zinjoka, amatsenga ndi madaisi. Tsono tiyeni tilongosole machitidwe ache, kuti poweruza muweruze chinthu chimene mwachidziwa.

Masewerawa anabadwira ku America m'chaka cha 1974. Anawakonza ndi anthu awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo mabuku ache oyamba anaturuka m'kamzinda ka Lake Geneva, m'dera la Wisconsin. Sali ngati bawo, m'mene wina adya mnzache. Afanana koposa ndi nthano ya madzulo, koma nthano imene omvera sangovomera chabe. Mmodzi ndiye mwini nthano, amene amucha Dungeon Master. Iye anena za dziko, mapanga ndi zirombo. Ena onsewo, yense atenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, namlankhulira, namsankhira chochita. Chochitacho chikakhala chokaikitsa, monga kulumpha chigwembe kapena kulasa chirombo, aponya daisi la mbali 20, ndipo nambala imene yagwa inena ngati wakhoza.

Nchito yoyamba ndiyo kuumba munthu wa m'nthanoyo pa pepala. Apatsidwa mphatso 6: mphamvu, changu, kulimba kwa thupi, luntha, nzeru ndi chikoka. Taonani kuti eni masewera analekanitsa luntha ndi nzeru, monga katekisimu achita pa mphatso za Mzimu Woyera. Ndipo chikoka anachicha charisma, liu lachigriki limene Paulo Woyera anachula nalo mphatso zaulere za Mulungu.

Poyamba paja lamulo linali louma. Pa mphatso iri yonse munthu anaponya madaisi 3 a mbali 6, nawerenga zonse pamodzi: chochepa 3, chochuruka 18. Madaisi atatu angathe kugwa m'njira 216, koma njira imodzi yokha ibala 18. Chotero wofuna kukhala ngwazi ya nkhondo nthawi zina anapeza mphamvu 7 ndi nzeru 15, nakhala wansembe wa m'nthano mosafuna. Analandira chimene chagwa, monga mlimi alandira mvula.

Tichedweko pang'ono pa msilikali wopatulika wochedwa paladin, pakuti malamulo ache, monga analembedwa m'buku la 1978, ationetsa mtima wa masewera akalewo. Kuti munthu akhale paladin panafunika chikoka 17 kapena 18, ndiko kuti njira 4 zokha mwa 216, osanena za mphatso zina zofunikanso. Atapeza udindowo, anayenera kupereka chakhumi cha chuma chonse chimene apeza. Akachita chosokoneza dongosolo, anapita kwa wansembe wa m'nthano kukaulula ndi kuchita zolapa. Koma akachita choipa modziwa ndi mofuna, anataya upaladin wache kosabwereranso, nasanduka msilikali wamba. Modziwa ndi mofuna! Mwana ali yense wa kalasi la Ukaristia woyamba adziwa kumene mau otere amveka. Chosiyana nchakuti mu Eklezia khomo la kulapa silitsekedwa chomwecho.

Anthu anadandaula ndi kuuma kwa madaisi, ndipo malamulo anafewa. Panadza njira ya kuponya madaisi 4 ndi kutaya locheperalo. M'mabuku a 2014 munthu angathenso kusiya madaisi, natenga manambala okonzeratu, 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, nawagawa monga afuna. Ife tikondwera kuti 8 uja anamsiya. Pakuti alipo osewera amene achezera usiku kufunafuna mipata m'malamulo kuti aumbe munthu wopanda chofoka, wolasa kosaphonya, wosafuna mnzache. Munthu wotere aononga nthano. Ngati msilikali ali wochepa nzeru, asowa wansembe. Ngati wansembe ali wofoka mkono, asowa msilikali. Ndipo m'kusowana kumeneko ndimo muturuka nkhani yokoma.

Mikangano yambiri ya pa malamulo ibadwira pomwepa. Nachi chitsanzo. M'malamulo a 2014, woponya 20 polasa mdani alasa ndithu. Tsono wina anena kuti, "Ndaponya 20, chotero mfumu indipatse ufumu wache, pakuti ndaipempha mokoma." Iai, lamulo la 20 linalembedwa za nkhondo, silinena za kupempha. Mafunso otere anachuruka kotero kuti magazini ya Dragon inatsegula tsamba lowayankha, lochedwa Sage Advice, m'chaka cha 1979. Komabe mabuku eni ache apereka mau otsiriza kwa mwini nthano. Iye amva mbali zonse, monga mfumu pa bwalo, nagamula, ndipo masewera apitirira; wodandaula adikire atatha. Woweruzayo akakondera mbale wache, posachedwa atsala yekha pa tebulo.

Nanga kodi ndi njuga, kapena ufiti? M'zaka za m'ma 1980 makolo ambiri ku America anaopa chomwecho, kufikira eni masewera, potulutsa mabuku a 1989, anachotsamo maina a ziwanda ndi adierekezi. Ife tiona chotere: njuga ndiyo ya ndalama, ndipo pano palibe woika khobidi. Matsenga a m'menemo ndi manambala olembedwa ndi pensulo. Palibe chizimba, palibe kuombeza. Koma nzoona kuti masewerawa alola munthu kulemba pa pepala kuti munthu wache ndi woipa, ndiponso adya nthawi, pakuti kukhala kumodzi kutha maora atatu kapena anai.

Chifukwa chache, mwana wanu akadza pa chuti ndi madaisi m'thumba, musawaponye pa moto. Muitanitse pepala lache, mumfunse kuti munthu wache ndani, afoka pati, ndipo aweruza ndani pakati pao. Mumfunsenso ngati asewera Loweruka usiku, ndi nthawi imene aweruka, pakuti Misa ya Lamulungu iri m'mawa.