Injini yakale ya chigayo ikafa, sipeya amachokera kuti?

Kumidzi ya ku Chamama, m'boma la Kasungu, komwe magetsi sanafike, chigayo cha dizilo chikaima amayi amabwerera kumtondo. Injini ikakhala yakale, chovuta kwambiri n'kupeza sipeya.

Mwachitsanzo, injini za Lister CS, za ku Dursley m'dziko la England, zidasiya kupangidwa mu 1987. Mwayi wake ngwakuti mafakitale a ku Rajkot, ku India, akupangabe injini zotengera mtunduwu, ndipo zipangizo zake zambiri zimakwana pa injini zakalezo.

Zipangizo zina amisiri amapanga okha. Gasiketi wa pamalo posatentha kwambiri amamudula papepala lake lolimba, pomwe mabushi amawasema pamakina a lathe. N'chifukwa chake mwini chigayo ayenera kunyamula chipangizo chakufacho kuti mmisiri akayezerepo.

Koma nozo ndi pampu ya dizilo n'zogula basi, poti muyezo wake ukaphonyeka pang'ono chabe, injini imafuka utsi kapena kukana kulira. Nalo gudumu lolemera la injini likachita mng'alu, si lowotcherera: likhoza kusweka likuzungulira n'kupha munthu.