Zimene zili m'kapu ya khofi wosakaniza ndi muzu wa chicory

Khofi wambiri wa m'chitini amene amapezeka m'magolosale kuno kummwera kwa Africa, monga Ricoffy ndi Frisco, si khofi yekhayekha. Muli muzu wa chicory, chomera cha maluwa abuluu chimene kwawo ndi ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia. Agiriki ndi Aroma akale ankachidalira pa matenda a m'mimba ndi a chiwindi. Muzuwu unatchuka ku France pamene Napoleon anatseka malonda ndi Britain mu 1806, khofi n'kusowa. Ku South Africa amaulima makamaka ku Alexandria, m'chigawo cha Eastern Cape. Akaukumba amautsuka, kuuduladula, kuuumitsa, kuukazinga mpaka ude, kenako n'kuupera.

Khofi ndi muzuwu zimabweretsa m'kapu zinthu zosiyana. Chodziwika kwambiri m'khofi ndi caffeine, amene amatsekereza adenosine, chinthu chimene chimachulukana muubongo munthu akatopa n'kumuodzeretsa. Khofi wa arabica, amene amalimidwa ku Misuku ndi ku Thyolo, amakhala ndi caffeine pafupifupi 1.2 peresenti, pamene wa robusta amayandikira kuwirikiza kawiri. Mulinso chlorogenic acid woteteza maselo a thupi, ngakhale kuti amachepa nyemba zikakazingidwa kwambiri. Moto womwewo umasandutsa gawo lina la trigonelline kukhala vitamini B3. M'mafuta a khofi muli cafestol ndi kahweol, zimene zimakweza cholesterol m'magazi, koma sefa ya pepala imazigwira.

Muzu wa chicory ulibe caffeine ngakhale pang'ono. Chuma chake ndi inulin, amene thupi siligaya. Amadutsa mpaka m'matumbo aakulu, kumene amakadyetsa mabakiteriya abwino othandiza m'mimba. Kuwawa kwa muzuwu kumachokera ku lactucin ndi lactucopicrin. Pokazinga, gawo la inulin limasweka n'kukhala shuga, ndipo n'chifukwa chake khofi wotereyu amada kwambiri n'kumamveka kutsekemera pang'ono.

Choncho muzuwu ukachuluka, caffeine amachepa m'kapu. Zimenezi zimathandiza amene amasowa tulo kapena amene mtima wawo umagunda kwambiri akamwa khofi wamphamvu. Mu 2015 bungwe la European Food Safety Authority linati wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 400 a caffeine patsiku, ndipo mayi woyembekezera asapyole 200. Chaka chomwecho linavomereza kuti magalamu 12 a inulin wa chicory patsiku amathandiza kupita kuchimbudzi bwino. Kapu imodzi imakhala ndi wochepa kwambiri kuposa pamenepa, motero chakumwachi sichingalowe m'malo mwa mankhwala a kudzimbidwa. Kwa ena, inulin wochuluka amadzaza mpweya m'mimba.

Pambali pa khofi ndi muzu, opanga ena amathiramo shuga wa glucose kapena maltodextrin. Wodwala matenda a shuga ayenera kuwerenga zolembedwa pachitini asanagule, chifukwa zosakaniza zimandandalikidwa kuyambira chochuluka kwambiri mpaka chochepetsetsa.